Tanthauzo, chiyambi ndi kagwiritsidwe ntchito ka mawu a Chingerezi akuti "colossal"

Funso

Mphunzitsi wina wa Chingerezi pa sukulu ya sekondale yoyendera walemba motere: "Ndinkawerenga ndi ophunzira anga a Folomu 4 nkhani ya m'nyuzipepala imene inanena kuti ntchito ina ya chitukuko inali 'a colossal waste of public money'. Ndinawauza kuti 'colossal' ndi chimodzimodzi ndi 'very big', koma mtsikana wina anandifunsa chifukwa chimene wolemba nkhaniyo sanangolembera 'very big', ndipo mnyamata wina anafuna kudziwa ngati mawuwa ali pachibale ndi kalata ya Paulo yopita kwa Akolose. Chonde ndithandizeni tanthauzo lenileni la mawuwa, kumene anachokera, ndi m'mene ophunzira angawagwiritsire ntchito pa chimangirizo popanda kulakwitsa."

Yankho

Aphunzitsi, zimene munawauza ophunzira anu si zabodza, koma mtsikanayo anafunsa funso lanzeru limene likufunika yankho lokwanira. "Colossal" ndi mfotokozi amene amanena za chinthu chachikulu kupitirira muyeso umene anthu anazolowera kuona pa zinthu za mtundu umenewo, chachikulu moti munthu akaima pafupi nacho amadziona kuchepa ndipo amagwira pakamwa. Munthu akati "very big" wangokuuzani kukula kwa chinthu basi, pamene akati "colossal" wakuuzaninso kuti iyeyo wadabwa, wachita mantha kapena wakhumudwa ndi kukulako. Mphamvu imeneyi ili ndi pochokera pake, pakuti muzu wa mawuwa ndi dzina la chiboliboli, ndipo wophunzira amene wamva mbiri ya chibolibolicho sadzavutikanso kudziwa pamene mawuwa akuyenera ndi pamene sakuyenera.

Agiriki akale anali ndi mawu akuti "kolossos", amene akatswiri ambiri a zilankhulo amakhulupirira kuti sanali a Chigiriki chenicheni, koma anabwerekedwa kwa anthu ena akale a m'chigawo chimenecho. Chodabwitsa n'chakuti poyamba mawuwa sankanena za kukula ayi. Ku Cyrene, mzinda umene Agiriki anamanga m'dziko limene lero ndi Libya, kunapezeka mwala wolembedwa lumbiro la anthu amene anapita kukakhazikitsa mzindawo, ndipo zolembazo zimati polumbira anaumba tizidole ta phula n'kutiponya pamoto, akunena kuti aliyense wophwanya lumbirolo asungunuke ngati tizidoleto. Tizidole tating'ono timeneto tikutchedwa ndi mawu omwewa. Zikuoneka kuti "kolossos" chinali chifaniziro cha munthu, kaya chachikulu kaya chaching'ono. Tanthauzo linayamba kupendekera ku zinthu zikuluzikulu pamene Herodotus, wolemba mbiri wa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, anagwiritsa ntchito mawuwa pofotokoza ziboliboli zamiyala zimene zinali mu akachisi a ku Egypt. Mpaka lero, pafupi ndi mzinda wa Luxor pali ziboliboli ziwiri za Farao Amenhotep III atakhala pampando, zotalika pafupifupi mamita 18, zimene alendo amazidziwa ndi dzina lakuti Colossi of Memnon.

Koma chimene chinamangiriratu mawuwa ku kukula ndi chiboliboli cha pa chilumba cha Rhodes, chimene lero ndi mbali ya dziko la Greece. M'chaka cha 305 Khristu asanabadwe, Demetrius mwana wa Antigonus, wa m'banja lina mwa amene ankalimbirana ufumu umene Alexander Wamkulu anasiya, anazinga mzinda wa Rhodes chifukwa anthu ake anali paubwenzi ndi Ptolemy wa ku Egypt. Anauzinga kwa chaka chathunthu koma analephera kuugonjetsa, ndipo pochoka anasiya zida zake zikuluzikulu zogumulira malinga. Anthu a ku Rhodes anagulitsa zidazo pa mtengo wa matalente 300, ndipo ndalamazo anaumbira chiboliboli chamkuwa cha Helios, mulungu wawo wa dzuwa, pomuthokoza kuti anawapulumutsa. Mmisiri wake anali Chares wa ku Lindos, ntchitoyo inatenga zaka 12, ndipo inatha cha m'ma 280 Khristu asanabadwe. Pliny Wamkulu, wolemba wa Chiroma, anati chibolibolicho chinali chotalika mikono 70, kutanthauza mamita opitirira pang'ono 30. Ophunzira anu amene amadziwa Baibulo angayerekeze ndi fano lagolide la Nebukadinezara la pa Danieli chaputala 3, limene linali lotalika mikono 60. Cha ku Rhodes chinaliposa ndi mikono khumi. M'nthawi yathu ino tingati chinali ngati nyumba yosanjikizana kakhumi, koma yooneka ngati munthu, yokhala ndi nkhope ndi mawondo ndi zala.

Chibolibolicho sichinakhalitse chili chiimire. Chisanakwanitse zaka 60, cha m'ma 226 Khristu asanabadwe, chivomezi chinachithyola m'mawondo ndipo chinagwa. Mfumu Ptolemy III inalonjeza thandizo loti achidzutse, koma eni mzindawo atafunsira kwa olosera a milungu yawo analeka, moti zidutswa zake zinagona pansi kwa zaka mazana ambiri, anthu akubwera kuchokera kutali kudzaziona. Pliny yemweyo analemba kuti ndi anthu ochepa amene akanatha kukumbatira chala chachikulu cha dzanja lake n'kugundanitsa manja awo, ndiponso kuti zala zake zinali zazikulu kuposa ziboliboli zambiri zathunthu. Ine ndimaona kuti chithunzi cha munthu wamkulu akulephera kukumbatira chala chimodzi chokha ndicho tanthauzo lomveka bwino la "colossal" kuposa lililonse limene mungapeze mu dikishonale, chifukwa chikusonyeza chinthu chodziwika bwino, chala ngati chathu chomwechi, chitakula mpaka kutichititsa kudziona ngati ana. Chiboliboli chimenechi chinawerengedwa pa zinthu zisanu ndi ziwiri zodabwitsa za dziko lakale.

Aroma anatenga mawuwa n'kuwalemba kuti "colossus". Moto waukulu utapsereza mzinda wa Rome m'chaka cha 64, Mfumu Nero inamanga nyumba yake yachifumu yotchedwa Domus Aurea, ndipo pakhomo pake inaimikapo chiboliboli chamkuwa chopitirira mamita 30 chimene mmisiri Zenodorus anaumba. Nero atamwalira m'chaka cha 68, chibolibolicho anachisintha kuti chiimire mulungu wa dzuwa, ndipo pambuyo pake Mfumu Hadrian inachisuntha, olemba akale akuti pogwiritsa ntchito njovu 24, n'kuchiika pafupi ndi bwalo lalikulu la masewera limene Mfumu Vespasian inayamba kumanga ndipo Mfumu Titus inatsegulira m'chaka cha 80. Bwalo limenelo poyamba silinkatchedwa Colosseum. Dzinali linabwera patapita zaka mazana angapo, ndipo akatswiri ambiri amati linachokera ku chiboliboli chimene chinaima pambali pake. Chibolibolicho chinatha kalekale, koma dzina lake linatsalira pa bwalolo.

Tsopano tiyankhe mnyamata uja. Kalata yopita kwa Akolose inalembedwera Akhristu a mumzinda wa Colossae, umene unali m'chigawo cha Phrygia, m'dziko limene lero ndi Turkey, pafupi ndi Laodikaya ndi Hiyerapoli, mizinda imene ikutchulidwanso m'chaputala 4 cha kalatayo. Mzinda umenewu unali kumtunda, kutali ndi nyanja, pamene Rhodes ndi chilumba, ndipo palibe umboni wosonyeza kuti dzina la mzindawo linachokera ku chiboliboli chilichonse. Mumuuze mnyamatayo kuti khutu lake linamva bwino kufanana kwa mawu awiriwa, ndiponso kuti si iye woyamba kuganiza choncho, pakuti ngakhale olemba ena akale anasokoneza Akolose ndi anthu a ku Rhodes pa chifukwa chomwechi. Koma aphunzire pamenepa kuti mawu awiri akhoza kumveka mofanana popanda kukhala pachibale, monga m'mene "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika zimalembedwera mofanana pamene zikunena zinthu zosiyana.

M'Chingerezi, dzina lakuti "colossus" linalowa kuchokera ku Chilatini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, koma mfotokozi "colossal" anabwera mochedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, kudzera m'Chifalansa. Kapangidwe kake n'kosavuta: atenga tsinde la dzina n'kuwonjezera "-al" kumapeto, monga m'mene "nation" amabalira "national" ndi "region" amabalira "regional". Choncho tanthauzo lake loyamba linali lakuti "chonga chiboliboli chija", ndipo mpaka lero akatswiri a zosemasema amagwiritsa ntchito mawuwa m'njira yeniyeni imeneyi pofotokoza chiboliboli chachikulu kwambiri kuposa msinkhu wa munthu weniweni. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira m'Chipwitikizi sadzawaona achilendo mawuwa, chifukwa m'chilankhulo chimenecho amalembedwanso "colossal" chimodzimodzi.

Pali chithunzi china chimene chimayenda limodzi ndi mawuwa m'maganizo a anthu olankhula Chingerezi, ngakhale kuti si choona pa mbiri. Patapita zaka zambiri chibolibolicho chitagwa, anthu a ku Ulaya anayamba kuchijambula chitatang'adza pakhomo la doko, mwendo uku mwendo uku, zombo zikudutsa pansi pake. Akatswiri a zomangamanga amagwirizana kuti chiboliboli chamkuwa cha msinkhu umenewo sichikanatha kuima motero, koma chithunzicho chinakhazikika, ndipo Shakespeare anachigwiritsa ntchito m'sewero la Julius Caesar pamene Cassius akudandaula kuti Caesar watang'adza dziko lonse "like a Colossus", anthu wamba akuyenda pansi pa miyendo yake. Kuchokera pamenepo, munthu amene waposa anzake onse pa ndale, pa maphunziro kapena pa masewera amatchedwa "a colossus". Chithunzi chimenechi chinafika mpaka kwathu kuno. Mu Disembala 1892 magazini ya ku Britain yotchedwa Punch inasindikiza katuni ya Edward Linley Sambourne yosonyeza Cecil Rhodes atatang'adza Africa yense, phazi lina ku Cape Town lina ku Cairo, atanyamula waya wa telegalafu m'manja, ndipo mutu wa katuniyo unali "The Rhodes Colossus". Wojambulayo anapezerapo mwayi pa kufanana kwa dzina la munthuyo ndi dzina la chilumba chija. Waya umenewo unadutsadi m'dziko la Nyasaland, kudzera ku Blantyre mpaka ku Karonga n'kupitirira kulowera ku nyanja ya Tanganyika, koma ku Cairo sunafike. Ophunzira ambiri anaionapo katuni imeneyi m'mabuku a mbiri osadziwa chifukwa chimene munthuyo anaimira motang'adza, ndipo phunziro lanu la Chingerezi likhoza kuwatsegula maso pa phunziro linalo.

Tibwere tsopano ku kagwiritsidwe ntchito, kumene kuli kofunika kwambiri kwa wophunzira amene akukonzekera mayeso. Njira yachidule yowafotokozera ana a Chichewa ndiyo kuwakumbutsa chimene chilankhulo chawo chimachita kale. Ife tikafuna kukuza chinthu sitidalira mfotokozi yekha, koma timalisamutsira dzina m'gulu la Chi-Zi: nyumba imasanduka chinyumba, mwala chimwala, mvula chimvula, galimoto chigalimoto. Aliyense wolankhula Chichewa amamva kuti "nyumba yaikulu" ndi "chinyumba" si zofanana. Woyambayo wangoyeza, pamene wachiwiriyo waima kutsogolo kwa nyumbayo akuyang'ana m'mwamba, kaya mosirira kaya moipidwa. Kusiyana kwa "a very big house" ndi "a colossal house" kuli pafupi kwambiri ndi kumeneku. Ndiponso monga m'mene "chimunthu" sichikhalira mawu aulemu, kunena za thupi la munthu kuti "a colossal woman" kapena "a colossal man" kumamveka mwachipongwe, ndipo ophunzira ayenera kupewa zimenezi ngakhale kuti galamala yake ndi yolondola.

Kufanana kumeneku kukupitirira. "Chi-" wokuza uja kawirikawiri amabwera pamene chinthu chatisowetsa mtendere, monga tikati chimvula chagumula milatho kapena chingongole chatimanga manja, ndipo "colossal" nayenso amakonda kuyenda ndi mayina a zinthu zopweteka. Mukawerenga manyuzipepala a Chingerezi mudzapeza kawirikawiri "a colossal mistake", "a colossal failure", "a colossal blunder", "a colossal debt" ndi "a colossal waste", monga momwe munapezera m'nkhani yanu. Si lamulo kuti azinena zoipa zokhazokha, pakuti "a colossal achievement" ndi "a colossal effort" ndi Chingerezi chabwino, koma ngakhale pamenepo wolemba akutanthauza kuti chinthucho chapitirira chimene munthu wamba angayembekezere. Wolemba nkhani yanu uja sanalembe "very big" chifukwa sankangopereka chiwerengero. Ankaweruza, ndipo ankafuna kuti owerenga akwiye naye limodzi. Ili ndilo yankho la mtsikana uja.

Pali msampha umodzi umene ndimauona kawirikawiri m'zolemba za ophunzira athu, ndipo gwero lake ndi Chichewa chomwe. Tsinde lathu la "-kulu" limanyamula zinthu zambiri nthawi imodzi: msinkhu wa thupi, zaka zakubadwa, udindo ndi kufunika kwa chinthu. Timati mtengo waukulu, mkulu wanga, mphunzitsi wamkulu, mfumu yaikulu, tsiku lalikulu. Wophunzira akauzidwa kuti "colossal" ndi "chachikulu kwambiri", amaganiza kuti akhoza kuwaika paliponse pamene pali "-kulu", ndipo zotsatira zake ndi ziganizo monga "my colossal brother" pofuna kunena achimwene ake aakulu, kapena "a colossal day" pofuna kunena tsiku la ukwati. Zimenezi n'zolakwika. "Colossal" amanena za kukula kwa thupi la chinthu, kuchuluka kwake kapena kuzama kwa zotsatira zake, ndipo salowa m'malo mwa "elder", "senior", "chief" kapena "important". Ndikupemphani kuti mfundo imeneyi muitsindike, chifukwa ana amene amakonda kuloweza mawu akuluakulu kuti asangalatse wochonga mayeso ndi amene amagwa mumsamphawu kuposa anzawo.

Nanga amasiyana bwanji ndi anzake amene dikishonale imawaika pamodzi? Nawonso mizu yawo imathandiza. "Huge" ndi mawu a tsiku ndi tsiku amene amalowa pafupifupi paliponse, ndipo wophunzira akakayika angachite bwino kusankha amenewa. "Enormous" anachokera ku Chilatini, kumene "norma" inali sikweya ya mmisiri, moti mawuwa amanena za chinthu chimene chatuluka kunja kwa muyeso. Ndi ofala kuposa "colossal" ndipo ndi ofatsirapo pang'ono. "Vast" amanena za kutambalala, choncho nyanja ya Malawi munthu akaiona ali ku Nkhotakota ndi "vast", ndipo kuitcha "colossal" sikumveka bwino kwenikweni, chifukwa madzi oyala sakuimirira pamwamba pa munthu. "Massive" amanena za kulemera ndi kugwirana kwa chinthu, ndiye chifukwa chake amayenerana ndi phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. "Gigantic" anachokera ku zimphona za m'nthano za Agiriki, ndipo ndiwo ali pafupi kwambiri ndi mawu athuwa. Koma pamene "colossal" amakhala pakwawo penipeni ndi pa chinthu chimene anthu apanga ndi manja, choimirira, chimene umachiyang'ana chokweza khosi. Khoma la damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, ndi lotalika mamita 128, ndipo la Cahora Bassa ku Tete ndi mamita 171. Wophunzira akalemba kuti "a colossal wall of concrete" pofotokoza limodzi la makoma amenewa, wasankha mawu oyenera kotheratu. Malire amenewa si okhwima ngati lamulo la masamu, ndipo olemba abwino amawadumpha nthawi zina, koma wophunzira ayambe wawadziwa asanayambe kuwadumpha.

Mawuwa amapezekanso m'mayina a zinthu. Makina owerengera amene injiniya Tommy Flowers anapanga, amene anayamba kugwira ntchito ku Bletchley Park, ku Britain, m'chaka cha 1944 pothandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany, anapatsidwa dzina lakuti Colossus, ndipo amawerengedwa pa makompyuta oyambirira a magetsi. Anali aakulu modzaza mbali yaikulu ya chipinda.

Pa galamala pali mfundo imodzi yofunika kuisamala. "Colossal" ali m'gulu la afotokozi amene afika kale pamapeto a muyeso, choncho salandira "very" kutsogolo kwawo, ndiponso "more colossal" kapena "a bit colossal" sizimveka bwino m'makutu a mwini chilankhulo. Apanso Chichewa chingakuthandizeni kufotokoza. Timati kunja kwada bii, nsalu yayera mbee, chidebe chadzaza tho, ndipo palibe amene anganene kuti "kwada bii pang'ono", chifukwa mvekero "bii" wanena kale kuti mdimawo wafika pamapeto. Momwemonso "very colossal" akuwonjezera pa chinthu chodzaza kale. Wolemba akafuna kutsindika amati "absolutely colossal" kapena "truly colossal". Mfotokoziyu angabwere patsogolo pa dzina, monga "a colossal statue", kapena pambuyo pa mneni, monga "the cost was colossal". Muonjezi wake ndi "colossally", amene amapezeka m'mawu ngati "colossally expensive", ndipo dzina lija "colossus" likachuluka limakhala "colossi", ngakhale kuti "colossuses" amavomerezedwanso.

Kalembedwe kamasokoneza ngakhale eni chilankhulo. Pakati pa mawuwa pali "l" mmodzi ndi "s" awiri, ndipo amathera ndi "-al". Cholakwika chofala ndicho kulemba "collosal", kuwirikiza lembo losayenera n'kusiya loyenera. Kwa ana athu palinso vuto lina, lakuti m'Chichewa "l" ndi "r" sasiyanitsa matanthauzo a mawu, moti ena amalemba "corossal" osaona kuti alakwitsa. Ndi bwino kuwalembetsa pabolodi mawu atatu a banja limodzi, "colossus", "colossal" ndi "Colosseum", kuti aone okha kuti chiyambi chawo "coloss-" sichisintha.

Katchulidwe kake kali ndi maphatikizo atatu, ndipo mphamvu imagwera pa lapakati: ko-LO-sal. Phatikizo loyamba limatchulidwa mopepuka ndi mofulumira, lachiwiri momveka bwino, ndipo lomaliza limafupika kwambiri moti "a" wake samveka kwenikweni. Pamenepa chizolowezi chathu chikhoza kutithandiza kapena kutisokoneza. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu "chimanga" ndi "mtsikana", ndipo wophunzira akatchula "colossal" ndi maphatikizo atatu okha, chizolowezi chimenechi chimaika mphamvu pamalo oyenera. Koma popeza mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, lilime limafuna kuwonjezera lina kumapeto n'kunena "kolosalo", ndipo zikatero maphatikizo amakhala anayi, mphamvu n'kusamukira pa "sa". Choncho pophunzitsa musalimbane kwambiri ndi pamene pagwere mphamvu. Limbanani ndi kuti mawuwa athere pa "l", lilime litagunda kumwamba kuseri kwa mano n'kuima pomwepo, ndipo zinazo zidzakhala m'malo mwake zokha.

Malangizo anga pa chimangirizo ndi akuti mawu amenewa agwiritsidwe ntchito mosamala, kamodzi kokha pa nkhani yonse ngati pakufunikadi. Wophunzira amene walemba "a colossal crowd" pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kenako "a colossal noise" pa kulira kwa belu, sadzakhala ndi mawu otsala pamene adzafune kufotokoza chionongeko chonga chimene namondwe wa Freddy anachita kumwera kwa Malawi m'chaka cha 2023, pamene "colossal damage" akanakhala mawu oona. M'kalata ya ntchito kapena mu lipoti, mmene chofunika ndi chiwerengero chenicheni, ndi bwino kupereka nambala kapena kugwiritsa ntchito "large" ndi "considerable", chifukwa "colossal" amaonetsa maganizo a wolemba, ndipo si malo onse amene maganizo amenewo amafunika.

Pomasulira chiganizo cha m'nyuzipepala chija, ophunzira aone kaye kuti mfotokoziyu akufotokoza dzina liti. Mu "a colossal waste of public money", chimene chakula modabwitsa ndi kusakazako, osati ndalamazo, ngakhale kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Kumasulira kuti "kusakaza ndalama zankhaninkhani za boma" kukupereka uthenga womveka ndipo ndi m'mene ambiri tinganenere pocheza, koma kwasamutsira kukulako pa ndalama, ndipo Chingerezi chake chikanakhala "a waste of colossal sums of public money". Kumasulira kotsatira bwino maganizo a wolembayo ndi kwakuti "kusakaza koopsa kwa ndalama za anthu", pakuti mawu athu akuti "koopsa" anyamula kukula pamodzi ndi kuipidwa kumene wolembayo anafuna kuti kumveke. Mungawapatse ophunzira ziganizo ziwiri za Chingerezizo pabolodi kuti azimasulire m'magulu, kenako afotokoze okha chifukwa chimene matanthauzo ake akusiyanirana.